MWANA WOKONDA SIPANALA MUSAMCHOTSE SUKULU

Tsiku lina ndinapita ku Msika wa Lilongwe kukagula kheni yothirira kudimba. Pamalo pamene amisiri amakhoma ndowa ndi mbaula ndinakumana ndi mlimi wina wa m'dera langa ali ndi mnyamata wake wa Fomu 2. Bamboyo anati, "Alangizi, uyu ndikumchotsa sukulu. Nzeru zake zili m'manja. Njinga zonse za m'mudzi amakonza ndi iyeyu. Ndabwera kudzamfunira malo kwa amisiri."

Umisiri ndi ntchito yaulemu, ndipo popanda amisiri a mumsika alimife tikadavutika. Koma ndinawapempha bambowo kuti ayambe aganiza bwino, pakuti mwana wotere ndiye woyenera kupitirira ndi sukulu. Zimene ndinawauza ndifuna kuti nanunso mumve.

MAKINA ODZIYENDETSA

Masiku ano kuli makina amene amagwira ntchito popanda munthu wowagwira. Dzina lake ndi maloboti. Loboti ili ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi thupi, ndiye kuti zitsulo, mawilo kapena mapiko, ndi mota. Yachiwiri ndi maso ake, monga kamera ndi zida zoiuza pamene ili. Yachitatu ndi kompyuta yaing'ono imene imalandira zimene maso aona ndi kulamula mota. Wopanga thupi ndi injiniya wa zamakina. Chotero ambiri amene amafufuza za maloboti anayamba ndi kuphunzira magiya, mabelingi ndi kulimba kwa zitsulo, zomwezo zimene mwana wokonza njinga amazigwira tsiku ndi tsiku.

Taonani chitsanzo cha Bambo Kevin Kochersberger a ku America. Iwo anaphunzira uinjiniya wa zamakina pa sukulu ya ukachenjede ya Virginia Tech mpaka kukhala dokotala wa maphunzirowo. Anaphunzitsa ku Rochester, ndipo pambuyo pake anabwerera ku Virginia Tech kumene anayamba kutsogolera kafukufuku wa tindege touluka topanda woyendetsa, totchedwa madroni.

ZINAFIKA BWANJI KWATHU KUNO?

M'chaka cha 2016 Boma ndi bungwe la UNICEF anayesa kutumiza magazi okayezedwa pa kandege kotere kuchokera ku chipatala chaching'ono kupita ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central mu Lilongwe momwe muno. Mu 2017 anatsegula malo oyesererapo tindegeti ku Kasungu. Chaka chomwecho Bambo Kochersberger ndi gulu lawo anaphunzitsa achinyamata a m'Malawi kupanga kandege ndi zipangizo zosakwera mtengo. Kandegeko kanauluka kokha mtunda wa makilomita 19 n'kukatera pa bwalo la ndege la Kasungu.

Mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe, mogwirizana ndi UNICEF, Virginia Tech ndi sukulu ya MUST ya ku Thyolo. Pakati pa ophunzira oyamba panali atsikana ambiri. Tsono musaganize kuti nkhani iyi ndi ya anyamata okha.

NANGA MLIMI APINDULANJI?

Mlangizi woyenda pa njinga amatha masiku kuti aone minda ya mudzi umodzi. Kandege kojambula kamaona malo aakulu m'kanthawi kochepa, ndipo zithunzi zake zingathe kusonyeza pamene chimanga chafooka kapena pamene madzi asefukira. Koma makina ogulidwa kunja akaonongeka amangokhala, monga mathirakitala ena amene mumawaona atamera udzu. Tikusowa ana athu amene akudziwa nthaka yathu, fumbi lathu ndi umphawi wathu, kuti apange makina otiyenera ndi okonzeka konkuno.

NJIRA YAKE NDI IYI

Mwana alimbike masamu, Physics ndi Chingerezi, ndipo akhoze bwino mayeso a Fomu 4. Akatero angathe kusankhidwa kukaphunzira uinjiniya ku MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic, kapena ku MUST, kapena za makina a ulimi ku Bunda. Akatenga digiri yoyamba ndi pamene amapitirira ku maphunziro a kafukufuku. Ndi ulendo wa zaka zambiri, ndipo fizi ndi yovutadi. Koma amene watuluka ku Fomu 2 chitseko chimenechi chimamtsekekera.

Bambo aja anakhala chete, kenaka anati, "Ndamva. Ndikakambirana ndi amayi ake ndi amalume ake." Tinapangana kuti mnyamatayo azikonza njinga Loweruka ndi patchuthi, ndipo ndalama zake zizithandiza kugula makope.

Inu makolo, mukaona mwana akupanga galimoto ya mawaya kapena kumasula wailesi yakufa, musamkalipire kuti akutaya nthawi. Mpatseni sipanala, koma m'mawa kukacha mudzutseni apite kusukulu.