Kukonzanso galimoto ya MGB pakhomo

Kukonzanso galimoto ya MGB pakhomo ndi ntchito yobwezeretsa mwakale galimoto yachikale ya ku Britain yotchedwa MG MGB, imene mwini wake amaigwira yekha kunyumba m'malo mokaitula ku galaja. MGB ndi galimoto yaing'ono ya mipando iwiri, ya denga lansalu lopinda, yomwe inapangidwira liwiro ndi kusangalatsa woyendetsa. Inapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, choncho ngakhale yomalizira kutuluka m'fakitale ili ndi zaka zoposa 40. Ntchitoyi imakhudza bodi, injini, mabuleki, magetsi ndi penti. Pa zonsezi, bodi ndiyo imagamula ngati galimoto ingapulumuke. Injini yakufa imadzuka mosavuta, koma bodi yodyeka ndi dzimbiri imafuna ndalama ndi nthawi yochuluka, ndipo ikakonzedwa mwachiphamaso imaika moyo wa okwera pachiswe.

Mbiri ya galimotoyi

Dzina loti MG linachokera ku Morris Garages, kampani ya mumzinda wa Oxford komwe Cecil Kimber anayamba kupanga magalimoto aliwiro m'zaka za m'ma 1920. Mu 1929 ntchitoyi inasamukira ku Abingdon, ndipo kumeneko ndi komwe MGB inkapangidwira mpaka fakitaleyo itatsekedwa mu Okutobala 1980. Mkulu wa mainjiniya amene anaikonza anali Syd Enever, pomwe maonekedwe ake anajambula ndi Don Hayter. Mu 1965 kunabwera mtundu wa denga lachitsulo wotchedwa MGB GT, womwe kampani ya ku Italy ya Pininfarina inathandiza kujambula. Mitundu yonse pamodzi inapitirira 500,000, ndipo yambiri inagulitsidwa ku United States.

Kuchuluka kumeneku ndiko kumachititsa kuti MGB ikhale yosavuta kukonzanso poyerekeza ndi magalimoto ena a nthawi yake monga Austin-Healey 3000. Pafupifupi chipangizo chake chilichonse chikupangidwabe. Kuyambira 1988, kampani ya British Motor Heritage imapanga bodi yatsopano yathunthu pogwiritsa ntchito zikombole zomwe fakitale yakale inkagwiritsa ntchito.

Wokonza amayamba ndi kudziwa chaka chimene galimoto yake inapangidwa, chifukwa zinthu zinkasintha. Injini zoyambirira zinali ndi mabering'i atatu ogwira crankshaft, ndipo kuyambira kumapeto kwa 1964 anakhala asanu. Mu 1967 giyabokosi inasinthidwa pamodzi ndi kalumikizidwe ka batire. Mu 1974 mabampala onyezimira achitsulo analowedwa m'malo ndi akuluakulu akuda, ndipo galimoto inakwezedwa pang'ono pofuna kutsatira malamulo a ku America.

Bodi ndi dzimbiri

Magalimoto ambiri akale, monga Triumph TR6, ali ndi chasisi yapayokha imene bodi imakhalapo. MGB ilibe. Bodi yake ndi chitsulo chimodzi chowotchereredwa, ndipo chitsulo chomwecho ndicho chimanyamula injini, matayala ndi anthu. Popeza ilibenso denga lolimba, mphamvu yake yambiri ili m'zitsulo ziwiri zazitali zodutsa m'munsi mwa zitseko, zomwe amakaniko amazitchula kuti ma sill. Chilichonse mwa ziwirizi chinapangidwa ndi zitsulo zingapo zophatikizana ngati bokosi, ndipo mbali ina yake imabisika kuseri kwa zitsulo zophimba matayala. Madzi ndi matope zikalowamo, dzimbiri limayambira mkati, moti pamene matuza ayamba kuoneka pa penti chitsulo chamkati chimakhala chitatha kale.

Pali zizindikiro zodziwira vutoli. Mpata wa pakati pa chitseko ndi bodi umayenera kukhala wofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ngati mpatawo wapanikizika kumwamba, kapena chitseko chikukana kutseguka galimoto ikanyamulidwa ndi jeke, ndiye kuti bodi yayamba kupindika pakati. Malo ena okonda kuchita dzimbiri ndi pansi popondapo mapazi, pamene masipuling'i akumbuyo amagwira bodi, m'zipinda za mabatire kuseri kwa mipando, pansi pa buti ndiponso pamwamba pa thanki ya petulo. Maginito amathandiza kuulula malo amene wina anamata body filler pa bowo m'malo mowotcherera chitsulo, chifukwa sagwira pamenepo. Koma boneti ya magalimoto oyambirira ndi ya aluminiyamu, choncho maginito sagwirapo ngakhale ili yabwinobwino.

Njira yokhalitsa ndi kudula chitsulo chonse chowola mpaka pofika cholimba, n'kuwotchererapo chatsopano. Asanadule, wokonza amawotcherera zitsulo zopingasa pakhomo la chitseko kuti bodi isapindike, ndipo amamaliza mbali imodzi asanakhudze inzake. Zitseko zimasiyidwa pomwepo kuti zikhale muyeso. Makina owotcherera ndi ndodo, omwe amapangira mageti ndi mafelemu a mawindo, amaboola chitsulo chopyapyala cha bodi. Oyenera ndi makina a MIG kapena a gasi. Akamaliza, m'kati mwa ma sill amapoperamo mankhwala aphula oteteza ku dzimbiri.

Dongosolo la ntchito

Magalimoto ambiri amene anthu amayamba kuwakonzanso amathera m'makatoni, chifukwa kumasula n'kosavuta ndipo sikulira ndalama, pomwe kumanga kumafuna zonse ziwiri, luso ndi ndalama. Pachifukwachi okonza odziwa amajambula zithunzi asanamasule chinthu chilichonse, amaika mabawuti m'timatumba tolembedwa, ndipo sataya chipangizo chakale chatsopano chisanafike n'kuyesedwa. Bodi imayamba, kenako masipuling'i, chiwongolero ndi mabuleki, kenako penti, injini ndi magetsi, ndipo mipando ndi denga zimabwera pomalizira. Injini yokonzedwa bodi isanathe imangokhala pakona n'kuyambanso dzimbiri. Kwa munthu wogwira madzulo ndi Loweruka lokha, ntchito yonse imatenga zaka.

Masipanala a magalimoto a ku Japan, omwe ndiwo ofala m'Malawi, ndi a muyeso wa mamilimita. Mabawuti a MGB ndi a mainchesi, ndipo ogwiritsidwa ntchito kwambiri ndi a 7/16, 1/2 ndi 9/16. Sipanala ya mamilimita imaoneka ngati yalowa koma imakhadzula mutu wa bawuti.

Injini ndi magiya

Injini ya MGB ndi ya masilinda anayi, ya kukula kwa 1,798 cc, ya m'gulu lotchedwa B-Series. Injini za gulu lomweli zinalinso m'magalimoto wamba monga Morris Oxford, Austin Cambridge ndi Morris Marina. Ilibe kompyuta iliyonse. Petulo amalowa kudzera m'makabureta awiri a SU, ndipo moto umagawidwa ndi distributor motsata dongosolo la 1-3-4-2.

Injini imene yakhala zaka osalira siilizidwa nthawi yomweyo. Amachotsa mapulagi, kuthira oilo pang'ono m'masilinda, ndi kuitembenuza ndi dzanja kuti aone ngati mapisitoni sanakakamire. Kenako amasintha oilo ndi sefa yake, amatsuka thanki, ndipo amayeza mphamvu ya mpweya mu silinda iliyonse. Manambala anayiwo akakhala oyandikana, kawirikawiri injini safunika kuimasula yonse. Pochuna, makabureta amakhudzidwa pomalizira, mipata ya mavalavu, mapointi ndi mapulagi itakonzedwa kale, chifukwa zovuta zambiri zimene anthu amanamizira kabureta zimachokera ku moto. Pa injini zoyambirira mpata wa mavalavu ndi mainchesi 0.015 injini ili yozizira.

Oilo woyenera ndi wa 20W-50, ndipo yemweyo ndi amene amathiridwa mu giyabokosi. Kusintha kilatchi kumafuna kutulutsa injini yonse, n'chifukwa chake okonza amaikiratu kilatchi yatsopano nthawi iliyonse imene injini ili kunja.

Mabuleki, matayala ndi magetsi

Kutsogolo kuli mabuleki a disc, kumbuyo a drum. Pa magalimoto ambiri oyambirira mabuleki onse anayi amadalira njira imodzi ya mafuta, moti paipi imodzi ikaboola galimoto imatsala ndi handibuleki yokha. Choncho mapaipi onse, achitsulo ndi a labala, pamodzi ndi malabala a m'masilinda a mabuleki, amasinthidwa ngakhale akuoneka abwino. Matayala okalamba amasinthidwanso ngakhale mapazi ake sanathe, popeza labala amauma ndi kung'ambika. Miyendo yakutsogolo imazungulira pa zitsulo zotchedwa kingpin, zomwe zimafuna girisi pafupipafupi.

Magetsi ake ndi a kampani ya Lucas, ndipo mawaya amatsata mitundu yodziwika. Wabulawuni umachokera ku batire ndipo umakhala ndi moto nthawi zonse popanda fyuzi. Woyera umalandira moto kiyi akatembenuzidwa, wobiriwira chimodzimodzi koma kudzera mu fyuzi, wapepo uli ndi fyuzi ndi moto wa nthawi zonse, pomwe wakuda umapita ku bodi. Zovuta zambiri zamagetsi zimachokera pa malo olumikizira amene achita dzimbiri. Magalimoto opangidwa 1967 isanafike amalumikiza mutu wa positive wa batire ku bodi, mosiyana ndi magalimoto a masiku ano, ndipo kulumikiza mosemphanitsa kumatha kuotcha zipangizo. Mpaka 1974 MGB inkakhala ndi mabatire awiri a mavoti 6, koma ambiri tsopano amaikamo limodzi la mavoti 12.

Chitetezo cha wokonza

Jeke ndi wonyamulira galimoto basi. Munthu asanalowe pansi pake, galimoto imakhazikidwa pa zochirikizira zachitsulo pamalo a simenti, osati pa njerwa, chifukwa njerwa zimaphwanyika mosachenjeza. Thanki ya petulo imachotsedwa kuwotcherera kusanayambe, ndipo thanki yoboola ndi bwino kuisintha, popeza mpweya wa petulo wotsalira mkati umaphulika ngakhale thankiyo itatsukidwa. Mabuleki ndi makilatchi akale anali ndi asibesitosi, yemwe fumbi lake limawononga mapapo, choncho amapukutidwa ndi nsalu yonyowa m'malo mouzira. Penti yosakaniza ndi hardener ili ndi mankhwala oopsa kupuma, ndipo siyenera kupoperedwa m'chipinda chotseka kapena pafupi ndi ana.

Kukonzera m'Malawi

Malawi anali pansi pa ulamuliro wa Britain mpaka 1964, ndipo magalimoto a Austin, Morris, Bedford ndi Land Rover anali ofala m'misewu yake. Dzikoli limayenda kumanzere ngati Britain, choncho MGB ya chiwongolero cha kumanja siifuna kusinthidwa. Chimene chinasintha kwambiri ndi petulo.

Choyamba, injini zimenezi zinapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, womwe unkateteza malo okhalapo mavalavu otulutsa utsi. Maiko a kumwera kwa Sahara anasiya petulo wotere pofika 2006. Popanda mtovu, malowo amadyeka pang'onopang'ono, makamaka pa maulendo ataliatali aliwiro. Njira yokhalitsa ndi kupita ndi mutu wa injini kwa akatswiri a makina kuti akaikemo mphete zachitsulo cholimba. Chachiwiri, Malawi wakhala akusakaniza petulo ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ina, ya PressCane ku Chikwawa, inayamba mu 2004. Ethanol amafewetsa labala wakale wa mapaipi ndi wa pampu ya petulo, komanso amakoka chinyezi chimene chimachititsa dzimbiri m'thanki ya galimoto yongokhala. Mapaipi onse a petulo amafunika kukhala a mtundu wopirira ethanol, chifukwa makabureta a MGB ali pamwamba penipeni pa paipi yotentha ya utsi, ndipo kudontha pang'ono kungayambitse moto.

Malo nawo ali ndi mbali yake. Dera ngati la Mfumu Yaikulu Mpama m'boma la Chiradzulu lili kufupi ndi Limbe ndi Blantyre, komwe kuli malo okonzera mitu ya injini ndi masitolo a mabawuti, penti ndi zitsulo. Koma ndi dera lokwera lomwe limalandira mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenako chiperoni m'miyezi yozizira. Chitsulo chopalidwa chikagona pa chinyezi chotere chimacha chitayamba dzimbiri, choncho kupala ndi kupenta kumayenda bwino m'miyezi youma ya Ogasiti mpaka Okutobala, m'shedi yothiridwa madzi pansi kuti fumbi lisauluke. Malawi alibe mchere umene ku Britain amathira m'misewu nthawi yachisanu, koma matope okakamira pansi pa bodi amasunga chinyezi kwa miyezi. Galimotoyi ndi yotsika, pafupifupi masentimita 13 kuchokera pansi, moti m'misewu yafumbi ndi pa mahampu paipi ya utsi ndiyo imayamba kugunda. Ikakhalitsa osayenda, makoswe amadya mawaya ndi mipando.

Zipangizo zambiri zimaitanitsidwa kuchokera ku Britain, kwa ogulitsa monga Moss Europe, kapena kudzera ku South Africa. Pa mtengo wake pamaonjezereka wa mayendedwe ndi msonkho wa Malawi Revenue Authority, ndipo ndalama zakunja zikasowa ntchito imaima. Isanalowe pamsewu, galimoto imafunika mapepala a umwini, inshuwalansi ndi chiphaso cha COF chochokera ku Directorate of Road Traffic and Safety Services. Nambala ya pa bodi iyenera kufanana ndi ya pa mapepala, ndipo ichi chimafufuzidwa galimoto isanagulidwe.

Kusunga chikale kapena kusintha

Okonda magalimotowa amasiyana maganizo pa malire a ntchitoyi. Ena amafuna kuti zonse zifanane ndi mmene galimoto inatulukira ku Abingdon, kuphatikizapo mtundu wa penti ndi nsalu za mipando. Ena amaikamo zinthu zamakono zosaonekera, monga chogawira moto chamagetsi m'malo mwa mapointi, fani yamagetsi yoziziritsa radiyeta m'maiko otentha, ndi malamba atsopano a pampando. Mabungwe monga MG Car Club, yomwe inakhazikitsidwa mu 1930, ndi MG Owners' Club ya mu 1973 amasonkhanitsa anthu a mbali zonse ziwiri ndipo amafalitsa malangizo a kakonzedwe. Ambiri amasunga zipangizo zakale zimene achotsa, kuti mwini wina wam'tsogolo adzathe kubwezeretsa galimotoyo mmene inalili.