Kibeho, kumene chozizwitsa sichinaletse kuphana

Pa 28 Novembala 1981, Alphonsine Mumureke, mtsikana wa pasukulu ya sekondale ya ku Kibeho kummwera kwa Rwanda, ananena kuti Maria, mayi a Yesu, amuonekera, ndipo posakhalitsa Nathalie Mukamazimpaka ndi Marie Claire Mukangango anachitanso umboni womwewo. Mu Ogasiti 1982, khamu likuonerera, atsikanawo analira ndi kunjenjemera, nafotokoza kuti aonetsedwa mitsinje ya magazi ndi mitembo yosaikidwa m'manda.

Mu 1994 ku Rwanda anthu pafupifupi 800,000, ambiri mwa iwo Atutsi, anaphedwa m'masiku 100, ndipo amene anathawira m'tchalitchi cha parishi ya Kibeho pokhulupirira kuti m'nyumba ya Mulungu simungalowe zikwanje anaphedwera momwemo, tchalitchicho n'kutenthedwa. Marie Claire nayenso anaphedwa chaka chomwecho.

Apa ndi pamene nkhani ya Kibeho imavuta, pakuti chozizwitsa, chimene anthu ambiri amachimva ngati kulowererapo kwa Mulungu kopulumutsa munthu ku tsoka, sichinatchinjirize ngakhale Marie Claire, mmodzi mwa atsikana amene ankachichitira umboni. Akhristu ena opulumuka anausiya mpingo, makamaka atadziwa kuti ambiri mwa akupha anali obatizidwa anzawo, pamene ena anayamba kumva masomphenyawo ngati chenjezo limene anthu analinyozera. Kwa awa, Mulungu amene ankamufuna ngati mlonda wa pakhomo anamupeza pakati pa olira maliro, ndipo n'chifukwa chake amalimbikira korona ya zowawa zisanu ndi ziwiri, pemphero losinkhasinkha masautso a Maria, mayi amene anaona mwana wake akuphedwa osatha kuchitapo kanthu. Yankho limeneli silitseka pakamwa munthu wofunsa kumene Mulungu anali, koma lili ndi ubwino woti silinamiza mayi wamasiye kuti chikhulupiriro chikanamutetezera ana.

Mpingo wa Katolika sunafulumire, popeza madokotala ndi akatswiri a zaumulungu anafufuza nkhaniyi kuyambira 1982, ndipo chilolezo chinatuluka pa 29 Juni 2001, chovomereza atsikana atatu okhawo mwa ambiri amene ankati aona masomphenya. Amene anachilengeza anali Episkopi Augustin Misago wa dayosizi ya Gikongoro, yemwe chaka chimodzi m'mbuyomo khoti linamupeza wosalakwa pa mlandu wothandizira kuphanako, mfundo imene opulumuka ena amaikumbukirabe pamene alendo a m'mayiko ambiri amasonkhana ku Kibeho pa 15 Ogasiti ndi pa 28 Novembala chaka chilichonse.