Wolasa patali amawerenga mphepo

Chipolopolo chikatuluka mu mpope wa mfuti kulunjika chandamale chimene chili pa mayadi 1,000, omwe ndi mamita 914, chimakhala m'malere pafupifupi sekondi imodzi ndi theka. Kwa ife amene timaphunzitsa masewera owombera patali, ntchito yonse ili mkati mwa kanthawi kameneka. Wowombera amakhala atachita kale mbali yake. Chotsala ndi mpweya, ndipo mpweya sumvera munthu.

Anyamata a kwathu ku Ndunde, m'boma la Chiradzulu, amakonda kundionetsa timakanema ta pa Facebook ndi YouTube, tosonyeza kanjira kooneka ngati kamadzi kakukwera m'mwamba, kenako n'kutsikira pa chitsulo chopaka utoto woyera. Funso lawo limakhala limodzi: "Amalume, zimenezi n'zoona kapena n'za pa kompyuta?" N'zoona ndithu. Koma chimene chili m'kanemamo si mphamvu za mfuti monga iwo amaganizira. Ndi luso la maso, la masamu, ndi la kudekha.

Ndikudziwa kuti ku Chiradzulu nkhani ya mfuti siyankhulidwa mopepuka. Pa 23 January 1915 anthu a m'busa John Chilembwe ananyamuka ku Mbombwe, ena mwa iwo n'kukathyola nkhokwe ya zida ya African Lakes ku Mandala mu Blantyre, komwe anangopezako mfuti zochepa. Pofika pa 3 February Chilembwe anali ataphedwa, tchalitchi chake n'kugwetsedwa. Agogo athu ambiri anasenza mfuti za .303 m'gulu la King's African Rifles, ndipo maina a amene sanabwerere alembedwa pa chipilala cha ku Zomba. Ena amakumbukira gogodela ya mlenje, ena mbava za usiku. Munthu akamva kuti pali anthu amene amawombera pepala ngati masewera, sindimudabwa akatukula nsidze.

Masewerawa ndi akale. Bungwe la National Rifle Association la ku Britain linakhazikitsidwa mu 1859, ndipo mpikisano wake woyamba unachitikira ku Wimbledon mu 1860, pomwe Mfumukazi Victoria anawombera chipolopolo choyamba pokoka chingwe chomangirira ku mfuti. Mu 1890 anasamukira ku Bisley, komwe mpaka lero ndime yomaliza ya mpikisano wa King's Prize imawomberedwa pa mayadi 900 ndi 1,000. Kuno kum'mwera kwa Africa, akatswiri amakumana ku Bloemfontein m'dziko la South Africa. Pa mpikisano wa mtunduwu munthu amagona chafufumimba, mfuti itagwidwa ndi manja ndi lamba wa pamkono basi, akulunjika kudzera pa tizibowo tiwiri topanda galasi lokulitsa. Pali gulu lina lotchedwa F-Class, loyambitsidwa ku Canada ndi George Farquharson, limene limalola galasi pa mfuti ndi chotsamiritsira, kuti okalamba ndi ofooka maso asasiye masewerawa.

Tsono tione zimene zimachitika m'malere muja. Mfuti yofala pa mpikisano ndi ya .308 Winchester, yofanana kukula ndi 7.62 ya asilikali. Chipolopolo chake chimalemera pafupifupi magalamu 10 ndipo chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 900 pa sekondi. Mkati mwa mpope muli timizere tokhotakhota timene timachizunguza maulendo pafupifupi 3,000 pa sekondi kuti chisapidiguke. Chikangotuluka, chimayamba kugwa nthawi yomweyo, komanso mpweya umachibweza, moti pofika pa chandamale liwiro lake limakhala litatsika kupitirira theka. Mukanaloza mpope molunjika pakati pa chandamale, chipolopolo chikanafuna kudutsa mamita oposa 8 pansi pake, kutanthauza kuti chikanalima dothi kalekale chisanafike. N'chifukwa chake mpope umaloza m'mwamba pang'ono. Mwana woponya legeni pa bango la kunsonga amadziwa kale zimenezi: salozetsa pa bango penipeni koma pamwamba pake. Chipolopolo chathu chimakwera mamita pafupifupi 3 pamwamba pa mzere wa diso chisanayambe kutsikira pa chandamale.

Kugwa kumeneku sikutidetsa nkhawa, chifukwa kumawerengeka. Mukadziwa liwiro, mtunda, kutentha ndi kukwera kwa malo, nambala imapezeka. Kumtunda kuno kwa Shire Highlands mpweya ndi wopepuka kusiyana ndi ku Nsanje kapena kugombe la Beira, choncho chipolopolo chimagwa mocheperako. Muyeso umene timagwiritsa ntchito potembenuza zolunjikira ndi MOA: umodzi umasuntha chipolopolo masentimita pafupifupi 3 pa mamita 100, ndipo pafupifupi 29 pa mamita 1,000. Zonsezi wophunzira wakhama amazigwira msanga.

Chimene chimalekanitsa katswiri ndi wophunzira ndi mphepo. Kamphepo ka makilomita 16 pa ola, kongogwedeza masamba a nandolo, kakamawomba chopingasa kamakankha chipolopolo mamita oposa 2 pa mayadi 1,000. Pamene bwalo la pakati pa chandamale, lopatsa mapointi onse, ndi lotambalala pafupifupi theka la mita. Mphepo ikangosintha pang'ono pakati pa chipolopolo china ndi chinzake, mwatuluka m'bwalo. Ndiponso mphepo imene ikukuwombani pa tsaya pomwe mwagona si imene ili pa mamita 500, kapena pamwamba pomwe chipolopolo chikudutsa. Mwera wa mu June ndi July ndi wamphamvu koma wokhazikika, ndipo ndi bwino kulimbana nawo. Wovuta ndi mpweya wa mu October, umene umati kuno zii, uko kamvuluvulu wadzuka.

Apa ndi pomwe pamalowera sikopu, galasi loonera patali loima pa miyendo itatu pambali pa wowombera. Ambiri amaganiza kuti ntchito yake ndi kuona pomwe chipolopolo chaboola. Pa mtunda wa mamita 900 kabowo ka pa pepala sikaoneka ngakhale galasi likhale lodula bwanji. Pa mabwalo akale kumakhala anthu m'dzenje lotetezedwa kutsogolo kwa chandamale, amene amachitsitsa, n'kulowetsa kachizindikiro koonekera pabowopo, n'kuchikwezanso. Mabwalo ena tsopano ali ndi makina omva kudutsa kwa chipolopolo. Ntchito yeniyeni ya sikopu ndi kuona mpweya.

Inu nonse munaonapo momwe mpweya umanjenjemerera pamwamba pa msewu wa phula kapena denga la malata dzuwa likatentha. Mafunde a kutentha amenewa, omwe pa bwalo timawatcha mirage, ndi mbendera imene Mulungu anatiikira m'njira yonse ya chipolopolo. Timaloza sikopu pa chandamale, kenako timabweza fokasi kuti igwire mpweya wa pakati pa njira, chandamale chizioneka mwachimbuuzi. Mafundewo akamakwera molunjika m'mwamba, ndiye kuti mphepo yaima kapena ili pafupi kutembenuka, ndipo ine ndimauza wophunzira kuti achotse chala, adikire. Akapendekeka, mphepo ndi yapang'ono. Akagona n'kumathamanga chopingasa, yakula. Ikapitirira makilomita pafupifupi 20 pa ola mafundewo amafufutika, ndipo timadalira mbendera, udzu ndi fumbi. Pa mpikisano wa matimu, woyang'ana mu sikopu ndi amene amalamula: amatchula nambala, nthawi zina amatembenuza yekha zolunjikira za mnzake, n'kumuuza kuti awombere. Wogwira mfutiyo amakhulupirira maso a mnzake kuposa ake. Mwa zonse za m'masewerawa, chimene ndimachikonda kwambiri n'chimenechi.

Kanjira kaja ka m'makanema si chipolopolo, komanso si utsi. Chipolopolo chothamanga kuposa phokoso chimapanikiza mpweya ouzungulira, ndipo kuwala kukamadutsa mu mpweya wopanikizikawo kumapindika. Chimene mumaona ndi kusokonekera kwa mpweya m'mbuyo mwa chipolopolo. Kuti kanjirako kaoneke, sikopu iyenera kukhala kumbuyo kwenikweni kwa wowombera, pamwamba pang'ono, pa mzere umodzi ndi mpope. Mukasuntha mita imodzi kapena mamita awiri kumbali, kamadutsa m'galasi mwachangu moti diso silikagwira.

Kujambula kudzera mu sikopu kunayamba ndi oonera mbalame. Munthu wina wa ku Malaysia, Laurence Poh, anatchuka mu 1999 poika kamera yaing'ono pa diso la sikopu yake n'kujambula mbalame zakutali. Lero foni yachita kuti aliyense athe kutero, pogwiritsa ntchito kachipangizo kogwirizanitsa kamera ya foni ndi diso la sikopu. Koma ntchitoyi imafuna chifatse. Masikopu ambiri amakulitsa kuyambira ka 20 mpaka ka 60, ndipo woyamba kumene amathamangira pa 60. Pamenepo kuwala kotuluka m'galasi la mamilimita 80 kumasanduka kadontho kongopitirira milimita imodzi, chithunzi chimada, mafunde a kutentha amakula, ndipo chipolopolo chimene chakwera mamita 3 chimatuluka pamwamba pa chithunzi. Ine ndimaima pakati pa 20 ndi 30, chandamale ndikuchiika chakumunsi kwa chithunzi kuti kumwamba kutsale malo. Foni ikapanda kukhala pakati penipeni pa diso la sikopu, m'mbali mumabwera mdima wozungulira. Fokasi ndi kuwala kwa foni ziyenera kukhomedwa, apo ayi foniyo imayamba kudzisinthira yokha mfuti ikangolira. Miyendo itatu ikhale yolemera, yofupikitsidwa, ndipo dzanja lisakhudze. Mfuti yokhala ndi chotulutsira mpweya m'mbali kunsonga imagwedeza sikopu ndi kudzutsa fumbi pa nthawi yomwe mukufuna chithunzi chabata, choncho wojambula abwerere m'mbuyo pang'ono. Foni yojambula zithunzi 120 kapena 240 pa sekondi imathandiza kuchedwetsa kanemayo, bola kunja kukhale kowala.

Pali chinthu chimodzi chimene mungayesere nacho kanema aliyense wotere. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Ngati chitsulo chilidi pa mamita 900, mudzaona utoto ukuthetheka patatha sekondi imodzi ndi theka, ndipo kulira kwa chitsulocho kudzakufikani patadutsanso masekondi pafupifupi atatu. Kanema wonena za kilomita yathunthu koma chitsulo n'kulira nthawi yomweyo, ndiye kuti ali ndi maikolofoni ina pafupi ndi chandamale, kapena mwini wake wakokomeza mtunda.

Chimene chimandipweteka pa makanema a pa intaneti n'chakuti amaonetsa chipolopolo chimodzi cholasa, zophonya zonse atadula. Mnyamata woonera amatengapo phunziro lolakwika, loti mfuti yabwino imalasa yokha. Kamera ya pa sikopu phindu lake lili pa zophonyazo. Madzulo timakhala pansi ndi wophunzira, buku lake lolembamo mphepo lili pamwendo, n'kumabwereza kanema: apa unanena kuti mphepo sinasinthe, koma taona mafunde anali atayamba kale kuimirira. Kale zoterezi zinkathera mu mkangano, wowombera kunena kuti woyang'ana wamunamiza, woyang'ana kunena kuti mnzake wagwedeza mfuti. Tsopano tonse timaona chimodzimodzi. Amene akufuna kusonyeza luso lake ajambule zipolopolo khumi motsatizana osadula.

Tsono ndinene mosabisa kwa abale anga a ku Ndunde: masewerawa sangachitike m'minda mwathu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 356,000 m'boma la Chiradzulu, pa malo osafika masikweya kilomita 800. Chipolopolo cha .308 chophonya, kapena chonjanja pa mwala, chimatha kuuluka makilomita pafupifupi 4. Imani paliponse kwathu, muloze mbali iliyonse, muwerenge nyumba, mijigo, masukulu ndi ana oweta mbuzi amene ali m'makilomita anayiwo. Bwalo lovomerezeka limakhala ndi chimulu cha dothi kumbuyo kwa chandamale, dera lalikulu lopanda anthu kuseri kwake, mbendera zofiira, ndi mkulu wa bwalo amene mawu ake satsutsidwa. Lamulo la Firearms Act limafuna chiphaso chochokera ku polisi pa mfuti ndi zipolopolo, ndipo gogodela yosula kumudzi sililekerera. Wojambula naye sadutsa mzere wa owombera, ndipo amatseka makutu ngati wina aliyense, chifukwa khutu logontha ndi mfuti silichira.

Komabe gawo lovuta kwambiri la lusoli mungaliphunzire popanda kukhudza mfuti. Pezani sikopu kapena mabainokyula, ngakhale obwereka. Cha m'ma 11 koloko m'mawa lozani mtengo kapena denga limene lili pa mtunda wa theka la kilomita, mubweze fokasi mpaka muone mafunde a kutentha, mulembe m'kope mbali imene akupita ndi mphamvu imene mukuganiza, kenako muyerekeze ndi utsi wa uvuni wa njerwa kapena fumbi la pamsewu. Ikanipo foni mujambule, mudzaonenso madzulo. Maso ophunzitsidwa chonchi amafunika kwa alonda a nyama ku Liwonde ndi ku Majete, komwe bungwe la African Parks limagwira ntchito, kwa otsogolera alendo oona mbalame ku nyanja ya Chilwa, ndi kwa amene adzalembedwe usilikali n'kupita ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, komwe adzapatsidwe mfuti pa bwalo loyenera, mlangizi ataima pambali pawo.