Lenzi ya m'diso ikavuta: kuisintha n'kotheka, koma si poyambira

Pakati pa anthu amene anachitidwa opaleshoni ya ng'ala, alipo amene amayambanso kuona mwachimbuuzi pakapita miyezi kapena zaka. Ambiri amati ng'ala yabwerera. Ena amati kagalasi kamene adokotala anawaika m'diso katha mphamvu ndipo kakufunika kusintha. Ng'ala sibwerera, chifukwa lenzi yachibadwa imene inachita mtambo inachotsedwa ndipo simeranso. Lenzi yoikidwa m'malo mwake nayonso inapangidwa kuti munthu afe nayo: sichita dzimbiri, siola, ndipo ilibe tsiku lotha ntchito. Komabe pa anthu ochepa lenziyo imafunikadi kuchotsedwa n'kuikapo ina, ndipo madokotala a maso amatha kuchita zimenezi. Mfundo yoti tonse tiimvetse ndi yakuti opaleshoni yachiwiriyi ndi yovuta kuposa yoyamba, kotero iyenera kubwera pomaliza, chimene chasokoneza maso chitadziwika bwino komanso njira zopepuka zitaganiziridwa.

Lenzi yachibadwa imakhala m'kathumba koonekera mkati, kumbuyo kwa mwana wa diso, ndipo kathumbako kamalendewera pa tiulusi tambirimbiri tozungulira. Pochotsa ng'ala, dokotala amatsegula kutsogolo kwa kathumbako, n'kutulutsa lenzi yamtambo, n'kusiya kathumba kopanda kanthu. M'menemo ndi mmene amaika lenzi yopanga, imene pakati pake n'potambalala mamilimita pafupifupi 6, ndipo ili ndi timiyendo tiwiri toigwiriza. Nzeru imeneyi anaiyamba ndi dokotala wa ku Britain, Harold Ridley, pa chipatala cha St Thomas' ku London m'chaka cha 1949. Iye anaona kuti oyendetsa ndege za nkhondo amene tizidutswa ta pulasitiki ya ndege tinawalowa m'maso pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ankakhala nato popanda diso kutikana. Pulasitiki yolimba ya mtundu womwewo ikugwirabe ntchito mpaka lero, pamodzi ndi malenzi ofewa amene amapindidwa polowetsa. Zaka zoposa 70 zasonyeza kuti diso limalola mlendoyu. Ndiye munthu akayambanso kuona mosalongosoka, lenzi si imene tiyenera kuyamba kuikayikira.

Kawirikawiri vuto limakhala kathumba kaja. Timaselo totsalira ta lenzi yakale timachulukana n'kuyala pakhoma la kumbuyo kwa kathumba, ndipo khomalo limachita chifunga. Kafukufuku amene anaphatikiza zotsatira za m'mayiko osiyanasiyana m'chaka cha 1998 anapeza kuti zimenezi zinkachitika pa diso limodzi mwa asanu alionse pofika zaka zitatu chichitireni opaleshoni. Malenzi amakono achepetsako vutoli koma sanalithetse. Chithandizo chake ndi makina a laser amene amaboola kabowo pakati pa khomalo, wodwala ali chikhalire pampando, popanda mpeni, m'mphindi zochepa. Palinso matenda ena amene ng'ala imabisa kapena amene amadza pambuyo pake. Glaucoma, imene ndi yofala pakati pa anthu akuda, imaononga mtsempha wa diso mwakachetechete. Shuga amaononga retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso kamene kamalandira zithunzi. Ukalamba nawo umatha kufooketsa pakati pa retina. Pa matenda onsewa, kuika lenzi yatsopano sikungabweze kuona ngakhale pang'ono, ndipo nthawi imene munthu akutaya polimbana ndi lenzi ndi imene matenda enieniwo akudya diso.

Zifukwa zenizeni zosinthira lenzi n'zowerengeka, ndipo chachikulu ndi kusuntha. Lenzi ikhoza kuchoka pamalo pake m'masiku oyambirira ngati kathumba kanang'ambika pa opaleshoni. Ikhozanso kusuntha patapita zaka zambiri, pamene tiulusi togwira kathumba tafooka n'kuduka, ndipo kathumba pamodzi ndi lenzi zimapendekeka kapena kugwera kumbuyo kwa diso. Izi zimachitika kwambiri kwa amene anavulalapo m'diso, amene ali ndi diso lalitali la anthu osaona patali, amene diso lawo limatupatupa mkati, amene anachitidwapo opaleshoni ya retina, ndi okalamba amene ali ndi vuto lotchedwa pseudoexfoliation, limene limafooketsa tiulusito. Wodwala amaona zinthu ziwiriziwiri ndi diso limodzi, kapena amaona m'mphepete mwa lenzi ngati kamzere kokhota, kapena kuona kumasintha akaweramitsa mutu. Ngakhale pamenepa, kuchotsa si njira yokhayo. Nthawi zina dokotala amangoibweza lenzi yomweyo pakati n'kuisokerera kukhoma la diso, ndipo imagwiranso ntchito.

Chifukwa chachiwiri ndi mphamvu yolakwika. Diso lililonse lili ndi lenzi yoyenera lokha, ndipo mphamvu yake imawerengedwa poyeza zinthu ziwiri: kutalika kwa diso, kumene mwa anthu ambiri kumakhala mamilimita 23 kapena 24, ndi kukhota kwa cornea, khungu loonekera la kutsogolo kwa diso. Kuphonya ndi milimita imodzi yokha kumasiya munthu akufuna magalasi a mphamvu pafupifupi 2.5 kapena 3. Ridley mwiniwake anakumana nazo: wodwala wake woyamba anatsala osaona patali chifukwa lenzi inali yamphamvu mopitirira. Apa nkhaniyi ikutikhudza kwambiri, chifukwa m'madera ambiri a mu Africa muno, kumene makina oyezera asowa kapena aonongeka, odwala akhala akuikidwa lenzi ya mphamvu yapakatikati, ya 21 kapena 22, poganiza kuti ikwanira ambiri. Imakwaniradi ambiri, koma osati onse. Ngati kuphonyako n'kochepa, magalasi amathetsa nkhani popanda ngozi iliyonse. Kusintha lenzi kumayenera pokhapokha kusiyana kwa maso awiriwo kukakula kwambiri moti magalasi akuchititsa chizungulire kapena kuona ziwiriziwiri.

Zifukwa zina n'zosowa. Malenzi ena ofewa, a mtundu umene umamwa madzi, amatha kuchita mtambo okha pamene mchere wa calcium waunjikana mkati mwake kapena pamwamba pake. Zinachitika ndi lenzi ya Hydroview cha m'ma 2000, ndipo m'chaka cha 2017 kampani ya Oculentis inachotsa pamsika malenzi ake ena pa chifukwa chomwechi. Mtambo woterewu laser siuchotsa. Mankhwala ake n'kutulutsa lenziyo basi. Palinso malenzi odula amene amalonjeza kuona pafupi ndi patali popanda magalasi. Amatero pogawa kuwala, ndipo anthu ena amatsala akuona mphete kuzungulira magetsi usiku mpaka kulephera kuyendetsa galimoto. Ambiri amazolowera pakapita miyezi, koma ena sazolowera. Pomaliza pali lenzi imene yakhala molakwika n'kumakhula mbali za mkati mwa diso, zimene zimabweretsa kutupa, kukha magazi mkati ndi kukwera kwa mphamvu ya madzi a m'diso. Lenzi yotereyi ikasiyidwa imaononga diso, ndipo apa kuzengereza ndiye kulakwa.

Wina angafunse kuti: ngati lenzi inalowa m'mphindi 20, chovuta n'chiyani kuitulutsa? Chovuta n'chakuti diso silikhala mmene analisiyira dokotala. M'masabata ndi miyezi yotsatira, kathumba kamafota n'kumatirira lenzi ndi timiyendo take. Mbande yookedwa dzulo imazuka ndi zala ziwiri, koma ikakhala miyezi kuizula kumanyamula ndi dothi lomwe. Khoma la kumbuyo kwa kathumba n'lopyapyala kwambiri kuposa tsitsi, ndipo dokotala amayenera kulilekanitsa ndi lenzi pang'onopang'ono pothira mankhwala onanda pakati pake. Lenzi yofewa amaidula mkati momwemo n'kuitulutsa zidutswa. Yolimba imafuna bala la mamilimita 6 kapena kuposa. Kathumba kakang'ambika, madzi onanda a kumbuyo kwa diso amatulukira kutsogolo, ndipo izi zimakweza mpata woti retina imatuke kapena itupe. Timaselo ta mkati mwa cornea timene timaisunga yoyera sitiberekana. Opaleshoni iliyonse imapha tina, ndipo tikachepa kwambiri cornea imatupa n'kuchita mtambo. Palinso ngozi yoti tizilombo tilowe m'diso, monga zilili ndi opaleshoni ina iliyonse. Anthu ambiri osinthidwa lenzi amaona bwino pambuyo pake, koma mtengo wake ndi ngozi zimenezi.

Apa ndi pamene ndondomeko ya chithandizo imakhala yofunika kwambiri. Laser ija, imene ndi yabwino pa chifunga cha kathumba, imasiya bowo losatsekeka pakhoma limene likanagwira lenzi yatsopano. Munthu akathamangira ku laser pamene vuto lenileni ndi lenzi yamtambo kapena ya mphamvu yolakwika, opaleshoni yosintha imadzakhala yovuta kwambiri. Choncho dokotala amene akukana kuombera laser asanatsimikize si kuti akuumira chithandizo. Akusunga njira yobwerera. Kathumba kakaonongeka, njira zilipobe. Lenzi ikhoza kuikidwa patsogolo pa zotsalira za kathumba, kapena kukoledwa pa mbali yakuda yozungulira mwana wa diso monga anayambira Jan Worst wa ku Netherlands m'chaka cha 1978, kapena kumangiriridwa kukhoma loyera la diso ndi ulusi, kapenanso popanda ulusi monga anasonyezera Shin Yamane wa ku Japan m'chaka cha 2017. Zonsezi zimafuna luso lapadera ndi zipangizo zimene sizipezeka paliponse, ndipo palibe imene imaposa lenzi yokhala bwino m'kathumba kake.

Ena amati mavutowa amabwera chifukwa chakuti kuno timapatsidwa malenzi otsika mtengo. Umboni sukugwirizana nawo. Mpaka cha m'ma 1990 lenzi imodzi inkagulidwa madola 100 kapena kuposa, ndipo osauka ambiri ankangochotsedwa ng'ala n'kupatsidwa magalasi okhuthala amene akasweka munthu ankabwerera mumdima. Fakitale ya Aurolab ku Madurai, m'dziko la India, itayamba kupanga malenzi m'chaka cha 1992, komanso mafakitale a bungwe la Fred Hollows atatsegulidwa ku Eritrea ndi ku Nepal m'chaka cha 1994, mtengo unatsika kufika pansi pa madola 10. Malenzi olimba a mtundu umenewu ali m'gulu la okhalitsa kwambiri, pamene nkhani zikuluzikulu za malenzi ochita mtambo zinakhudza malenzi ofewa ogulitsidwa m'mayiko olemera. Chimene chimasiyanitsa zotsatira zabwino ndi zoipa si mtengo wa pulasitiki. Ndi kuyeza diso molondola, dzanja la wochita opaleshoni ndi kuona wodwala pambuyo pake. N'chifukwa chake bungwe la WHO silikhutira ndi kuwerenga chiwerengero cha maopaleshoni okha. M'chaka cha 2021 mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 akweze ndi 30 pa 100 alionse gawo la ofuna opaleshoni ya ng'ala amene aichitidwa ndipo akuonadi bwino.

Dandaulo lina lili ndi mphamvu, ndipo sitiyenera kulinyoza. Wodwala akauzidwa kuti adikire kapena avale magalasi, angaganize kuti achipatala akubisa kulakwitsa kwawo, ndipo sitinganene kuti zimenezi sizichitika. Komanso taona kuti lenzi yolakwika imachotsedwa mosavuta m'masabata oyambirira, kotero kudikira kopanda chifukwa kumamulanda munthu mpata wabwino. Yankho lake si kukakamiza opaleshoni koma kufuna kufotokozeredwa. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa chimene chapezeka, mphamvu ya lenzi imene anaikidwa, ngati diso linayezedwa, ndi chifukwa chimene njira ina yasankhidwira. Ali ndi ufulu wopempha kuonedwa ndi dokotala wina pa zipatala zimene zili ndi akatswiri a maso, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba, Mzuzu ndi Nkhoma. Ndi bwinonso kuti mtundu ndi mphamvu ya lenzi zilembedwe m'buku la kuchipatala, chifukwa dokotala wodzaliona disolo zaka khumi zikubwerazi adzafuna kudziwa chimene chili mkatimo.

Kumva kuti lenzi ikhoza kuvuta kusaopseze aliyense amene ali ndi ng'ala. Ng'ala ndi imene ikutsogolera pochititsa khungu padziko lonse, ndipo opaleshoni yake ndi imodzi mwa zodalirika kwambiri. Ofunika kusinthidwa lenzi ndi ochepa zedi poyerekeza ndi amene amakhala nayo mpaka kumanda. Amene munachitidwa kale, pitani kukaonedwa pa masiku amene munauzidwa ngakhale mukuona bwino, chifukwa mphamvu yolakwika imagwidwa pamenepo. Chifunga chikamabwera pang'onopang'ono, musathire m'diso mankhwala a zitsamba kapena madontho ogula pamsika, kapimitseni. Koma diso likapweteka, likafiira, kuona kukatsika mwadzidzidzi, mukaona kung'anima kapena mdima wotseka mbali imodzi, musadikire tsiku la sikelo ya maso kapena kubwera kwa madokotala oyendayenda: pitani kuchipatala tsiku lomwelo.