Sukulu ya Blantyre Secondary, kholo la masekondale athu

Anthu akamakamba za maphunziro ku Malawi, ine ndimayambira pa sukulu ya Blantyre Secondary, imene ambiri amangoitchula kuti BSS. Inatsegulidwa mu 1940, ndipo ndiyo sekondale yoyamba m'dziko muno. Boma la atsamunda linkazengereza kuphunzitsa Amalawi kupyola pulayimale, choncho mamishoni a Chipulotesitanti ndiwo anagwirizana zoyambitsa sukuluyi. Akatolika anatsegula yawo ku Zomba mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza inabwera mu 1951.

Masiku amenewo malo anali ochepa kwambiri, ndipo wofuna kupitiriza maphunziro ankatuluka m'dziko. Henry Masauko Chipembere anaphunzira pa BSS, kenaka anapita ku Goromonzi ku Southern Rhodesia, n'kukathera ku Fort Hare, asanabwerere kudzamenyera ufulu.

Lero BSS ndi sukulu ya boma yogonera komweko. Imalandira anyamata ndi atsikana ochokera m'zigawo zonse amene akhoza bwino mayeso a Sitandade 8. Ndikuona kuti sukulu ya mbiri yotereyi siyenera kudalira boma lokha. Inu amene munaphunzira pamenepo, bwererani mukaithandize.