Nkhalango m'Zithunzi za Caspar David Friedrich

Pa luso lojambula maonekedwe a dziko, lomwe mutu wake ndi mapiri, mitsinje ndi mitengo osati nkhope za anthu, nkhalango kawirikawiri imasenza tanthauzo loposa kukongola kwake, ndipo izi zimaonekera bwino m'ntchito za Caspar David Friedrich, mmisiri wa ku Germany amene anabadwira ku Greifswald mu 1774 n'kumwalira ku Dresden mu 1840.

Kwa Friedrich, mtengo uliwonse unali ndi uthenga wake. Pofotokoza chithunzi chake cha mtanda woimikidwa pamwamba pa phiri, chomwe anachimaliza mu 1808, iye ananena kuti mitengo yofanana ndi paini yozungulira mtandawo, popeza siyoyola masamba ngakhale m'nyengo yozizira kwambiri, ikuimira chiyembekezo cha okhulupirira. Mitengo ya thundu anaipatsa ntchito ina: m'chithunzi chomwe chinaonetsedwa ku Berlin mu 1810, amonke anyamula bokosi la maliro kulowera pa bwinja la tchalitchi, pakati pa mitengo ya thundu yopanda tsamba, yopindika ngati zala za nkhalamba, ndipo woonera amamva imfa asanaone n'komwe mandawo.

Koma chithunzi chofunika kuchisinkhasinkha kwambiri ndi cha 1814, chojambulidwa asilikali a Napoleon atagonjetsedwa ku Leipzig mu 1813. Msilikali mmodzi wa ku France, wooneka wamng'ono zedi, waima pa chipale chofewa kutsogolo kwa mitengo yaitali yothithikana, ndipo kumbuyo kwake khwangwala watera pa chitsa. Palibe mfuti yolira, palibe mdani wooneka, komabe zili poyera kuti munthuyu akalowamo sadzatulukanso, chifukwa mitengoyo yandanda ngati gulu la nkhondo la Ajeremani. Oonera a nthawi imeneyo ankakumbukira nkhalango ya Teutoburg, momwe Arminius, mtsogoleri wa Ajeremani akale, anatheramo magulu atatu a asilikali a Roma m'chaka cha 9 A.D., motero uthengawo sunafunike womasulira.

Mphamvu yomweyi ndiyo inadzaipitsa mbiri ya Friedrich, pakuti m'zaka za m'ma 1930 chipani cha Nazi chinatenga zithunzi zake n'kuzisandutsa umboni wa tsankho lake, ngakhale mwini wake anali atamwalira kalekale. N'chifukwa chake pamene mmisiri wina, Anselm Kiefer, anajambula nkhalango ya Teutoburg mu 1976, anadonthezera utoto wonga magazi pa njira yodutsa pakati pa mitengo ndi kulemba m'nthambi mayina a anthu otchuka a ku Germany.