Tirigu, soya ndi dzira m'mbale imodzi: phunziro la kadzutsa kwa ogulitsa mbewu

M'madera a Kadoma ndi Chegutu, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, alimi amene ali ndi madzi othirira amalima soya m'nyengo ya dzinja, nadzala tirigu m'munda womwewo nyengo yozizira ikafika. Kasinthasintha ameneyu timamudziwa ngati njira yosamalira nthaka. Koma mbewu ziwirizi zimathandizananso m'thupi la munthu, ndipo chitsanzo chosavuta ndi buledi woviika m'mazira n'kukazinga, amene ena amamutcha French toast.

Ufa wa tirigu uli ndi mapuloteni pafupifupi magawo 10 mpaka 12 pa 100 alionse, koma mapuloteniwo ndi osowa chomangira thupi chotchedwa lysine. Soya ali ndi mapuloteni oyandikira magawo 40 pa 100, ndipo lysine ali naye wambiri. Zikaphatikizana, chimodzi chimakwaniritsa chimene chinzake chikusowa.

Kakonzedwe kake nkotere. Menyani mazira awiri m'mbale, thiranimo theka la kapu ya mkaka, masipuni akulu awiri a ufa wa soya ndi kamchere pang'ono, n'kutakasa mpaka zibuluma zitatha. Viikani masilayisi atatu a buledi wogona, chifukwa amamwa bwino osaphwanyika monga amachitira watsopano. Kazingani m'chiwaya chopaka mafuta ochepa, pa moto wapakatikati, mpaka mbali zonse zitafiira ndipo dzira lapsa mpaka m'kati. Dzira limodzi limapereka magalamu 6 a mapuloteni. Tikawonjeza mkaka, soya ndi buledi, mbale yonse imafika pafupi ndi magalamu 30.

Pali mfundo ziwiri zimene wogulitsa mbewu sayenera kuzisiya kukamwa. Yoyamba ndi yakuti soya wosaphika ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kugaya mapuloteni, ndipo zimatha ndi moto basi. Choncho asanapite kuchigayo, soya aponyedwe m'madzi owira kale, awire kwa mphindi 30, kenako ayanikidwe mpaka ataumiratu. Kumuponya m'madzi otentha m'malo mwa ozizira kumachepetsanso fungo lija limene limachititsa ana kukana phala la soya.

Yachiwiri ndi yokhudza moyo. Mbewu yothiridwa mankhwala oteteza ku matenda ndi tizilombo si chakudya, ngakhale munthu ataitsuka kangati. Mtundu umene timapaka pa mbewu ndi chenjezo. Yotsala pakudzala isalowe m'khitchini kapena m'khola la nkhuku, ndipo thumba lake lisasungirenso ufa. Mlimi akagula mbewu, auzidwe zimenezi pakamwa, chifukwa si onse amawerenga zolembedwa pathumba.

Mapuloteni a m'mbale amayambira kumunda. Soya amatenga nayitrojeni wa mumpweya mothandizidwa ndi tizilombo ta Rhizobium tokhala m'timatuza ta kumizu, ndipo nayitrojeniyo ndiye amamanga mapuloteni a m'njere. N'chifukwa chake thumba la mbewu liyenera kutuluka m'sitolo limodzi ndi inokulanti, monga amene amapangidwa ku Grasslands, ku Marondera. Inokulanti asungidwe pozizira ndi pamthunzi, ndipo apakidwe pa mbewu tsiku lodzala. Mbewu ya soya nayo ndi yosachedwa kufa: kutentha kwa m'sitolo ya malata ndi kuponya matumba potsitsa m'lole kumachepetsa kameredwe kake.

Msika wa soya ku Zimbabwe wagona kwambiri pa mafuta ophikira ndi chakudya cha nkhuku, moti dzira ndi mafuta a m'chiwaya chija nthawi zambiri zimachokera ku mbewu yomweyi. Komabe mlimi wamng'ono amene waphunzira kudya soya kunyumba kwake amakhala ndi chifukwa chomulimira ngakhale chaka chimene mitengo yatsika. Pa masiku achionetsero cha mbewu nyengo ikubwerayi, tikulimbikitsa mamembala kuti pambali pa mizere ya mitundu yatsopano paikidwenso chiwaya, alimi alawe zimene akugula.